Kiyi wa Chipinda cha Mchenga

3 Malichi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo nyanja ikukusungani. Kalatayi ndaisiya ku ofesi ya kampani ya sitima yanu monga munanenera, kaya ikupezani padoko liti, kaya mwezi uti. Kuno tilipo. Amayi ali bwino kupatula bondo lija. Bambo atuluka m'chipatala sabata yatha. Dzanja lamanja ndi mwendo sizikugwira, ndipo mawu amene atsala ndi awiri okha, "ayi" ndi "eya". Bambo anu mukuwadziwa, mutha kulota nokha kuti akumveka kawirikawiri ndi ati.

Tsopano chimene ndalembera. Ndasiya kuyenda ndi envulopu m'maofesi. Chaka ndi miyezi inayi ndakhala ndikugogoda zitseko ndi digiri ya uinjiniya, yankho n'kukhala lomwe lija lakuti tikuimbirani. Pamene ine ndikudikira foni, shedi ya mapoto yakhala chitsekere kuyambira tsiku limene bambo anagwa. Ng'anjo inazizira mpaka mphaka waberekeramo. Aganyu awiri aja anapita kwina. Amayi a m'malesitilanti akabwera kudzafuna mapoto, tikumawapatsa mpando ndi pepani. Lolemba lapitali ndatsegula.

Sindinatsegule ndekha. Ndatenga anthu atatu oti aphunzire ntchito kwa zaka ziwiri, kamalipiro kochepa, chakudya chamasana, pomaliza satifiketi. Musayambe mwakwinya nkhope, werengani kaye. Bambo aumba mapoto a aluminiyamu zaka makumi atatu ndi zisanu, koma palibe munthu wachiwiri amene amadziwa kukonza mchenga wa zikombole zawo. M'mawa uliwonse ankadzitsekera m'kachipinda kaja, n'kutuluka ndi wilibala ya mchenga wosakaniza kale ndi dongo ndi madzi. Aganyu ankangotsendera m'mabokosi ndi kuthira chitsulo chosungunuka. Mtsempha umodzi waphulika m'mutu, zonse zaima nji. Imeneyo si bizinesi, achimwene, ndi munthu mmodzi amene anamuika denga.

Woyamba mwa atatuwa ndi mayi wamkulu ndithu, wa zaka zopitirira makumi anayi. Ankakanya ufa pamalo ena ophikira buledi mpaka eni ake atagula makina. Manja awo ndi ngati mafosholo, ndiye anzawo awatcha kale a Chikhatho. Wachiwiri anali kondakitala wa minibasi, dzina ndi lomwelo, ndipo pakamwa sipatsekeka. Wachitatu ndi wamagalasi wina waulemu, amalemba chilichonse chimene ndanena. Ameneyo ndikuona kuti adzafika patali.

Kiyi wa kachipinda ka mchenga ali pakhosi pa bambo, pachingwe chomwe chija. Ngakhale manesi analephera kuwavula. Nditawapempha, munthu wodwala anapeza mphamvu yonena ayi mpaka agalu a kwa aneba anauwa. Palibe kanthu. Ndaitanitsa mchenga wanga ndi dongo langa, ndikusakanizira pabwalo, poyera, aliyense akuona. Mchenga si ufiti. Ndi manambala basi: mchenga wakuti, dongo lakuti, madzi akuti. Tinaphunzira chaka chachiwiri.

Ndithandizeni chinthu chimodzi. M'masitolo a kumadoko kwanuko muli kamita koyezera chinyezi, kokhala ndi msomali wolasa pansi. Nditumizireni msanga. Chimene bambo amachita ndi dzanja lawo, ine ndichita ndi kameneko, ndipo ndichilemba pakhoma kuti ngakhale mlendo awerenge.

Ndine mchemwali wanu,
amene mumamutcha Injiniya pomuseka

28 Malichi

Injiniya,

Moni. Kalata yako yandipeza dzulo titakocheza. Ndili bwino, ndikadali kunsi ku injini kumene dzuwa timangolimva mbiri. Upereke moni kwa amayi. Bambo uwagwire dzanja lamanzere m'malo mwanga.

Ndawerenga kawiri. Kachiwiriko ndinayamba ndakhala pansi.

Iwe unali ndi zaka zisanu ndi zitatu pamene Wapatsidya anachoka, sungakumbukire. Ine ndimakumbukira. Munthu anadya m'mbale yathu zaka zisanu ndi zinayi. Tsiku lina sanabwere, sabata yotsatira utsi wa ng'anjo yake unali tolo kutsidya kwa msewu, theka la makasitomala litawoloka naye. Bambo anatha mwezi osayankhula ndi munthu. Ameneyotu anali wonyamula chabe, za mchenga sanauzidwe. Nanga ako ukuwaphunzitsa dalawa, ndi satifiketi pamwamba? Ukuweta ng'ona padziwe limene umasambapo. Zaka ziwiri zikadzatha udzakhala ndi ng'anjo zitatu zatsopano mumsewu womwewo, iwe uli chiimire ndi manambala ako pakhoma.

Uwachotse. Ukafuna manja, tenga aganyu, anyamule, alandire zawo, azipita. Umu ndi mmene bambo anatiphunzitsira tonse sukulu, kuphatikizapo digiri ukuinyadirayo.

Ndipo ndikuuze zimene sindinafune kunena msanga. Wapatsidya anandilembera kudzera ku ofesi atamva za matenda. Akufuna kugula shedi ndi zonse za m'katimo. Ndikudziwa kuti dzinalo ndi lowawa m'nyumba mwathu, koma ndani wina angagule shedi ya mapoto? Bambo akufunika nyumba yopanda utsi ndi munthu wowaongola mwendo, osati kumva nyundo za alendo pa zipangizo zawo. Pepala la malowo lili m'dzina lawo ndi langa, ukudziwa. Sindinayankhe kanthu. Usandikakamize kuyankha.

Kamita kako ndakutumizira, kuti usadzanene kuti mchimwene wako anakumana. Ukadzatopa nako uzikayezera maluwa a amayi.

Mchimwene wako

20 Epulo

Achimwene,

Moni wa kwa tonse. Kamita kafika bwino, zikomo. Langizo limene linabwera nako ndalisiya mu envulopu momwemo.

Sindichotsa munthu. Mukuti aganyu anatiphunzitsa sukulu. Eya, ndipo tsiku limene bambo anagwa aganyu omwewo anaima manja m'thumba, osadziwa ngakhale poyambira, chifukwa zaka zonsezi tinkalemba misana yawo, mitu n'kumaisiya pageti. Wophunzira amafunsa. Kondakitala tsiku lachinayi anandifunsa chifukwa chimene timanyamulira chitsulo cha moto kudutsa bwalo lonse pamene mabokosi angathe kubwera pafupi ndi ng'anjo. Ndinati ndi mmene zakhalira. Iye akuti ku minibasi galimoto ndi imene imayandikira anthu, anthu sayenda mtunda kuitsatira, n'kuyamba kukoka matebulo. Lero mtunda umene unali mapazi makumi awiri ndi mapazi asanu, chitsulo chikufika chisanayambe kugwirana, ndipo palibe amene wapsa phazi. Inu munakulira pabwalo pomwepa, ine ndili ndi digiri, tonse sitinazione. Yemweyo Loweruka anamangirira mapoto panjinga n'kukawagulitsa onse dzuwa lisanafike pamutu, akuitanira ngati akudzaza basi.

Sindikubisirani, mapoto amene anagulitsawo anali khumi ndi limodzi okha. Tinathira makumi atatu. Enawo atuluka ndi timabowo ngati sefa, ena khungu lokakala ngati msana wa chule. Tawaphwanya n'kuwabwezera m'ng'anjo. Kamita kakuonetsa nambala yeniyeni ya m'buku, ndiye penapake pali chimene ndikuphonya, ndipo ndichipeza. Khumi ndi limodzi ndi ochuluka kuposa amene shedi yotseka inkatulutsa.

Chimene chikundipweteka ndi bambo. Atamva ng'anjo ikulira anamenya ndodo pansi mpaka tinawanyamula ndi mpando kuwaika pakhomo la shedi. Ndinkati akondwa. Ayi ndithu. A Chikhatho, mwaulemu wawo, anatapa mchenga m'dzanja n'kugwada kukawaonetsa. Bambo anakweza ndodo ndi dzanja lamanzere n'kuwamenya pachikhatho, mchenga mbwee pansi. Kuyambira tsiku limenelo ndi zomwezo m'mawa uliwonse. Mayiwo amapita, amamenyedwa, amabwerera kumulu, amapitanso. Ndawaletsa, akungoti, "Musadandaule abwana, uvuni unkandiotcha koposa apa." Ine ndimalowa mu ofesi kuti ndisaone. Munthu wamkulu kumachitira nkhanza mayi wosalakwa chifukwa chongokhudza mchenga.

Koma mudziwe ichi. Kaya bambo akwiye, kaya inu mukwiye, shedi iyi simugulitsa kwa Wapatsidya ine ndili moyo. Mapoto ake mwawaiwala? Olemera ngati mwala, chifukwa amawanenepetsa kuti abise mabowo, ndipo mayi amatha thumba la makala madzi asanawire. Dzina la bambo likakhale pa zimenezo?

Mchemwali wanu

24 Epulo

Mwana wanga wachisamba,

Ndi ine mayi ako. Ndalemba ndekha, ukhululuke zilembo, magalasi anga anakhalidwa ndi mlendo. Uli bwanji kumadziko? Ukudya? Pachithunzi chija khosi lako silinandisangalatse.

Mlongo wako sakudziwa kuti ndakulembera. Ndikudziwa kuti mukukangana, chifukwa akalandira kalata yako amatsuka mbale ngati zamulakwira. Mwanayu anatengera bambo ake, kungoti iye ali ndi mapepala. Pali zimene sakuuza. Wamagalasi uja, amene ankamutama kuti adzafika patali, wafikadi, wawoloka msewu. Anatha masabata asanu okha. Anapita ndi kope lake lonse la manambala ndipo ali kwa Wapatsidya. Mlongo wako analira kuseri kwa thanki, akuganiza kuti sindinamuone. Usamunyoze nazo.

Koma si zimenezo ndalembera. Ndalembera za bambo ako. Chitulukireni m'chipatala ankangoyang'ana khoma. Chakudya ndinkachita kuwanyengerera ngati khanda, supuni zitatu basi atembenuka. Tsiku lina ndinawapeza akuyang'ana dzanja lakufalo nthawi yaitali, ine n'kutuluka panja kuti asaone nkhope yanga. Tsopano tambala akangolira, ndodo ili gogogo pansi. Akufuna madzi, akufuna lezala, akufuna malaya a ntchito, osati a m'nyumba. Dzana anamaliza mbale n'kuloza m'poto. Dzulo anakana kunyamulidwa, anayenda okha atatsamira Kondakitala, amene njira yonse ankawauza kuti sunthani kumbuyo akulu, malo alipo. Ndinamva bambo ako akuseka. Kumveka kwake n'koipa, ngati chitseko chadzimbiri, koma ndi kuseka.

Mlongo wako akuti akuzunza mayi wa buledi uja. Ine za mchenga sindizidziwa, zaka makumi atatu ndi zisanu sindinalowemo m'kachipinda kaja, ngakhale kukasesa. Koma nkhope ya mwamuna wanga akakwiya ndimaidziwa kuposa yanga. Akakwiya sayang'ana munthu. Mayi ameneyu amamuyang'ana m'manja osaphethira, ndipo akachedwa kubwera m'mawa amasuzumira kugeti. Ndinayesa kumuuza mlongo wako, akuti amayi inu mumawaikira kumbuyo nthawi zonse. Ndiye ndangotseka pakamwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma uyu anabadwa miyezi isanakwane ndipo mpaka lero akuthamangabe.

Za kugulitsazo ndamva. Iwe ndiwe mkulu, sindikulamula. Ndangoti udziwe kuti bambo ako akudya.

Ukapeza mafuta opaka bondo aja unditumizire.

Mayi ako

17 Meyi

Injiniya,

Kalata yako ya pa 20 Epulo ndailandira. Kwa amayi sindinamve kanthu chichokereni, kaya ali bwino.

Wawerenga zimene walemba wekha? Munthu wodwala, wosayankhula, akutha mphamvu zake zotsala kuthamangitsa alendo pa ntchito yake, iwe ukuthawira mu ofesi. Alibe pakamwa ponenera kuti chokani, akunena ndi ndodo. Ukufuna achite kugwanso kachiwiri kuti umve? Mapoto khumi ndi asanu ndi anayi mwa makumi atatu obooka, ndipo ukundiuza za matebulo.

Ukuganiza kuti ine kachipinda kaja sikandiwawa. Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri ndinkakhala pakhomo pake m'mawa uliwonse, kumvetsera fosholo m'katimo, kudikira kuti tsiku lina anditchula. Ndinadikira zaka zisanu ndi chimodzi. Sanatsegule. Ngati sanatsegulire mwana wawo woyamba, sangatsegulire wophika buledi. Ndinapita kunyanja chifukwa kumeneko injini amakuonetsa.

Ndamuyankha Wapatsidya. Abwera pa 15 Juni m'mawa kudzaona malo. Pepala ndalitumiza pamodzi ndi kalatayi, mbali yanga ndasaina kale. Kwatsala chala cha bambo. Uwawerengere bwinobwino, ukawafunse, ndipo ukamva eya usapotoze. Anthu ako uwauze msanga kuti apeze kolowera.

Udzandida chaka chimodzi. Ndipirira.

Mchimwene wako

2 Juni

Achimwene,

Moni. Amayi ali bwino, akuti anakulemberani kale, kaya kalatayo ikusambira.

Yanu inandipweteka, ndipo ndivomere, inandigonjetsa kwa tsiku limodzi. Ndinati mwina ndine wouma mutu, mwina ndikupha bambo anga. Lachisanu ndinaitana a Chikhatho mu ofesi n'kuwauza kuti asiye kupita kwa bambo, apo ayi tisiyane. Anakhala pampando, manja aja ali pamaondo, kenako anandifunsa ngati ndinayamba ndaonapo kumene ndodo imapita ikatha kumenya. Ndinati imapita kuti? Akuti, "Ndiye vuto lake limenelo, abwana. Inu mumangomva phokoso n'kutseka chitseko."

Loweruka sindinatseke chitseko. Ndinaima kumbuyo kwa mpando wa bambo. A Chikhatho anafumbata mchenga, natambasula dzanja. Bambo anadina chibumacho ndi chala chachikulu chakumanzere, anachibenthula pakati, anayang'ana pobenthukapo. Ndodo, pha. Kenako nsonga ya ndodoyo sinabwerere pansi. Inaloza mulu wa dongo. Mayiwo anakawaza dongo pang'ono, anakanya, anabweranso. Pha. Ndodo inaloza ndowa ya madzi, bambo n'kukweza zala ziwiri. Mayiwo anaviika dzanja kawiri n'kuwaza. Kachitatu bambo anadina, anabenthula, chibuma chinagawika pawiri bwinobwino osanyenyeka, chikhatho n'kutsala choyera. Ndodo inakhala pansi. Ndinamva mawu aja osowa pakamwa pawo: eya.

Achimwene, masabata asanu ndi awiri bambo akhala akuphunzitsa munthu pamaso panga, ine ndikulemba makalata owaneneza.

Sizinathere pomwepo. A Chikhatho anali ndi kamulu kawo kuseri kwa ng'anjo, kamene ndinkayesa zinyalala. Mchenga uliwonse umene bambo avomera ankauika pamenepo n'kutsendera nawo mabokosi awo, pansi pa poto n'kudindapo kachala. Ndinapita kukatembenuza mapoto abwino amene ali m'sitolo. Onse ali ndi kachala. Khumi ndi limodzi aja ndinkakunyadirani nawo, palibe ngakhale mmodzi wa kamita kanga. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiuzire. Akuti wophunzira wa mwezi umodzi angauze bwanji injiniya kuti buku lake likunama? Ndinati buku silinama. Akuti mwina silinama, koma silidziwa kuti ufa wa lero si wa dzulo. Ndipo akunena zoona. Mchenga ukapsa kambirimbiri dongo lake limafa, tsiku la mitambo umamwa madzi mosiyana ndi tsiku la dzuwa, ndipo kamita kamangoona madzi okha. Zimenezo zinali chaka chachitatu. Ndinakhoza mayeso ake, koma dzanja langa silinakhalepo m'kalasimo.

Sabata ino tathira makumi anayi, obooka atatu.

Za wamagalasi ndikhulupirira amayi akuuzani, iwo sasunga kanthu. Eya, anathawa, mmodzi mwa atatu, monga munalosera. Anaba manambala anga onse. Kondakitala akuti chiyambire Meyi kutsidya kukungomveka nyundo yophwanya mapoto obooka. Ndi mphatso yokhayo imene banja lathu linapatsapo Wapatsidya.

Pepala lanu ndiwawerengera bambo pamaso pa wogulayo, liwu ndi liwu, sindipotoza. Koma anthu anga sindiwauza kuti apeze kolowera. Alowa kale.

Mchemwali wanu

8 Juni

Injiniya,

Ndalemba mothamanga, tinyamuka masana ano. Kalata ya amayi ya mu Epulo yandipeza lero. Inatsatira sitima madoko atatu, envulopu yachita kuda ndi zidindo. Kuchokera kwa iwe sindinalandire kanthu chitumizireni pepala lija.

Akuti bambo akudya. Akuti anaseka. Bwanji iwe sunandiuze zimenezo m'malo mwa matebulo?

Sindikumvetsa chimene chikuchitika pabwalopo, ndipo sindikuti wakhoza. Koma pepalalo uyambe waliika m'kabati. Wapatsidya umuuze adikire mpaka ndibwere mu Ogasiti. Ndikhulupirira iyi ifika 15 isanakwane.

Mafuta a bondo ali m'phukusi.

Mchimwene wako

24 Juni

Achimwene,

Moni, ndipo amayi akuthokoza mafuta. Kalata yanu yoti tidikire yafika dzulo, patatha masiku asanu ndi atatu mlendo wanu atabwera kale. Ndiye imvani mmene zinayendera popanda chilolezo chanu.

Wapatsidya anafika ndi jekete ndi cholembera m'thumba. Wakalamba, achimwene, imvi mbuu. Anapereka moni kwa bambo maso ali kumbali. Ine ndinawerenga pepala lonse mokweza monga ndinalonjezera, a Chikhatho ndi Kondakitala ataima pambali ndi maapuloni awo, akumva malo awo akugulitsidwa. Nditamaliza, bambo sananene eya, sananene ayi. Wapatsidya anati asanasaine akufuna aone kachipinda ka mchenga, poti ng'anjo ndi mabokosi ali nazo kale kwake.

Bambo anaweramitsa mutu n'kuyamba kulimbana ndi chingwe cha pakhosi ndi dzanja limodzi. Ndinatambasula dzanja langa kuti ndilandire. Anandilambalala. Kiyi anapatsa a Chikhatho. Sindinama, chinandilasa, ndipo mpaka lero pakutsala kachilonda.

Chitseko chinatseguka. Inu amene munadikira pakhomo paja zaka zisanu ndi chimodzi, ndikuuzeni zimene zili m'katimo. Mulu wa mchenga. Thumba la dongo. Sefa, ndowa, fosholo yakutha mbali imodzi, ndi kampando. Basi. Wapatsidya analowa, anasuzumira kuseri kwa chitseko, anagogoda makoma, anapendeketsa ndowa. Kenako anatembenuka n'kufunsa kuti mankhwala aja ali kuti. Tinati mankhwala ati? Iye anayang'ana bambo n'kunena kuti:

"Zaka zisanu ndi zinayi ndinkakankha wilibala kuchokera pakhomo ili. Ndinapempha kangati kuti mundionetse? Ndinachoka chifukwa ndinaona kuti ndidzafa ndili wonyamula. Zaka zonsezi ndayesa phulusa, ndayesa mafuta, ndayesa mchere, ndikuti pali chimene mumathira. Ndiye mukundiuza kuti ndi mchenga chabe?"

Mwamva, achimwene? Sanachoke chifukwa anaphunzira. Anachoka chifukwa sanaphunzitsidwe. Inunso chimodzimodzi. Loko uja sanatisungire kanthu, anangotithamangitsira anthu, mmodzi kutsidya kwa msewu, wina kutsidya kwa nyanja.

Bambo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako analoza mulu ndi ndodo. Wapatsidya anazengereza, koma anawerama ndi jekete lake lomwelo, anafumbata mchenga, natambasula dzanja pamaso pawo. Bambo anadina, anabenthula. Pha. Munthu wa imvi, mwini ng'anjo yake, kumenyedwa pachikhatho anthu akuona. Ndodo inaloza ndowa. Ndiyeno bambo anatsegula pakamwa, nkhope yonse ikugwira ntchito, n'kutulutsa liwu lachitatu chigwereni. Anati, "Mawa."

Wapatsidya anatukwana, anasasa manja, anapita osatsanzika. Cholembera chake chinatsala patebulo. Pepala lili m'kabati, lopanda chala cha munthu. Mawa lakelo sanabwere, ndipo mpaka lero sanabwere. Koma Kondakitala akuti akamadutsa m'mawa amamuona atanyonyomala pakhomo pake, akufumbata mchenga, akubenthula, akuyang'ana kuno.

Kiyi a Chikhatho anamukoleka pamsomali pakhomo, chitseko chimakhala chotsegula. Ndatenganso ophunzira awiri, mtsikana wina wowotcherera zitsulo ndi bambo wina amene anapuma ntchito ya ulonda. Akadzatha zaka ziwiri ena adzachoka, ndikudziwa. Adzapite. Adzapita akudziwa ntchito, ndipo pambuyo pawo padzakhala ena amene awaphunzitsa. Shedi iyi sidzatsekedwanso chifukwa cha mtsempha wa munthu mmodzi.

M'mawa uliwonse timakhala pabenchi pamaso pa bambo, aliyense ndi mchenga wake m'dzanja. Ndati timakhala. Ine ndimakhala kumapeto, pambuyo pa mlonda, chifukwa ndi ine ndikutsalira. Kamita kali m'maluwa a amayi monga munanenera. Ndikulemba kalatayi chikhatho chili chotupa, ndipo eya ndamulandira kamodzi kokha, Lachinayi.

Poto amene ali m'phukusili ndi wa mchenga wa Lachinayi umenewo. Mutembenuze, kachala kali pansipo ndi kanga. Ali ndi kabowo kamodzi pansi pa chogwirira, ndiye musadzazitse.

Mukuti mubwera mu Ogasiti kudzaweruza. Bwerani. Koma musavutike ndi jekete, tengani zovala zakutha. Benchi ndi ya anthu asanu ndi mmodzi, ife tilipo asanu. Dzulo ndinawafunsa bambo ngati malo otsalawo tiwasungire Wapatsidya. Anati ayi. Ndinawafunsa ngati ndi a mwana wawo woyamba. Anayang'ana kugeti.

Ndikuchenjezeni chabe, ndodoyo sidziwa kuti wachisamba ndi uti.

Mchemwali wanu,
Injiniya, wophunzira wa sabata yachinayi